ZA M'MAIKO ENA: Linga la Dothi la ku Bam

Sabata ino tipite ku Iran, dziko limene kale linali kuchedwa Persia. M'cigawo ca Kerman, pakati pa cipululu, muli mzinda wa Bam. Mlendo poyandikira mzindawo ayamba kuona minda ya kanjedza, kenaka pacitunda aona linga lalikulu lochedwa Arg-e Bam, lomangidwa ndi dothi ndi njerwa zosaocha.

Akalowa pacipata ayenda m'tinjira topapatiza, napitirira msika, mzikiti, makola a akavalo ndi nyumba za asilikali, kufikira panyumba ya wolamulira pamwamba penipeni. Malowa anayambika zaka zoposa 2,000 zapitazo, ndipo analemera ndi malonda a nsalu za silika ndi thonje. Madzi anali kucokera kumapiri, nadzera m'ngalande zokumbidwa pansi pa nthaka zochedwa qanat, zimene zikali kuthirira kanjedza kufikira lero.

Pa 26 December 2003, mbandakuca anthu ali m'tulo, civomezi cinagwedeza Bam. Anthu oposa 26,000 anamwalira, ambiri a iwo atapsinjidwa ndi madenga olemera a nyumba zao. Mbali yaikulu ya linga inagumuka. Akatswiri amene anayendera mabwinjawo anapeza kuti m'makoma ambiri ciswe cinali citalowa kale nicisiya mphako m'kati, pamene kunja kunali kosalala bwino.

Mu 2004 bungwe la UNESCO linaika Bam pamndandanda wa malo ofunika kusungidwa ndi anthu a maiko onse, ndiponso pamndandanda wa malo amene ali pangozi. Amisiri anayamba kumanganso linga ndi dothi monga anacitira makolo ao, ndipo mu 2013 Bam anacotsedwa pamndandanda wa malo apangozi.

Enafe timayesa nyumba ya dothi cizindikiro ca umphawi, cikhalireco ku Bam makoma a dothi anaima zaka mazanamazana. Komatu kumeneko mvula ndi yocepa. Kwathu kuno khoma lifuna khonde lalitali, denga losadontha ndi kumata ming'alu caka ndi caka. Tsono dzinja lisanafike, gogodani makoma anu ndi cala. Khoma likalira ngati ng'oma, dziwani kuti ciswe cakutsogolerani. Likonzeni ana anu asanagonemo usiku wa mvula yoyamba.