Tom Rolt ndi mutu wa sitima womwe sunazimidwe moto

Ndili mwana, aphunzitsi anatitengera ku nyumba yosungirako zinthu zakale ya ku Chichiri mu Blantyre. Zambiri zomwe ndinaona tsikulo ndinaiwala, koma mutu wa sitima ya malasha womwe uli panja paja sindinauiwale. Ndinaugwira ndi dzanja. Unali wotentha, koma ndi dzuwa chabe. M'kati mwake munalibe moto. Ndinafunsa ngati ungayende, ndipo yankho linali loti amene ankadziwa kuuyendetsa anapita kalekale.

Sabata ino ndikufuna tikumbukire munthu wina amene sanalole kuti sitima ya kwawo ifike pamenepo. Dzina lake ndi Tom Rolt, injiniya wa ku Britain yemwe anabadwa mu 1910 n'kumwalira mu 1974.

Ku Wales kuli kanjanji kakang'ono kotchedwa Talyllyn, koyambira m'tauni ya m'mbali mwa nyanja ya Tywyn kukwera cha kumapiri. Anakamanga m'zaka za m'ma 1860 kuti kazitsitsa miyala yofolera nyumba kuchokera ku mgodi wa Bryn Eglwys. Mgodiwo utatha mphamvu, mwini wake, Sir Henry Haydn Jones, anapitiriza kuyendetsa sitima ngakhale phindu panalibe. Iye atamwalira mu 1950, aliyense ankadziwa chotsatira: kuzula njanji, kugulitsa zitsulo kwa osungunula, nkhani n'kutha.

Rolt sanavomere. Pa 11 Okutobala 1950 anthu anasonkhana mu hotela ina ku Birmingham n'kukhazikitsa bungwe loti lisunge njanjiyo. Pa 14 Meyi 1951 sitima yoyamba ya bungweli inanyamuka pa Tywyn. Aka kanali koyamba pa dziko lonse kuti njanji yonyamula anthu iyendetsedwe ndi anthu ongodzipereka, osalipidwa. Ena anali aphunzitsi, ena makalaliki, ena ogwira ntchito m'mafakitale. Ankathera tchuthi chawo akukumba ndi mapiki ndi mafosholo. Mmodzi mwa iwo anali m'busa Wilbert Awdry, mlembi wa nkhani za ana za Thomas the Tank Engine, yemwe anagwirako ntchito yoyang'anira mabogi.

Koma kuyambitsa bungwe n'kosavuta. Chimene chimandigwira mtima ndi zomwe Rolt anachita atavomera kukhala manijala wa njanjiyo mu 1951 ndi 1952. Matabwa ogonekapo njanji anali atavunda, mwakuti malo ena chimene chinkagwira njanji kuti zisatayane ndi udzu ndi dothi. Mutu woyenda unalipo umodzi wokha, Dolgoch, wopangidwa mu 1866. Taganizani: gogo wa zaka 85, ndiye wosenza mudzi wonse. Ukangodwala, tsiku limenelo kulibe sitima, kulibe ndalama ya matikiti, ndipo mwina bungwe lomwelo n'kufera pomwepo.

Sitima ya nthunzi si galimoto yoti ungotembenuza kiyi. Munthu amadzuka kukali mdima, n'kuchotsa phulusa la dzulo, kuyala nkhuni ndi nsanza zonyika m'mafuta, kuyatsa, kenaka n'kumathira malasha pang'onopang'ono kwa maola angapo kufikira madzi atawira n'kupanga nthunzi yokankha magudumu. Ukafulumiza moto, chitsulo chimafufuma mosiyanasiyana n'kuyamba kudontha. Diso silichoka pa kagalasi koonetsa mlingo wa madzi, chifukwa madzi akatsika kwambiri denga la ng'anjo limapsa, ndipo ngozi yake ndi yoopsa. Madzulo, anthu okwera atapita, m'pamene makaniko amalowa kunsi ndi nyali, kumanga chomwe chakhwepa, kuthira mafuta, kugogoda ndi kanyundo n'kumvetsera ngati chitsulo chikulira bwino kapena chang'aluka. Nzeru imeneyi siikhala m'buku mokha. Imakhala m'khutu ndi m'zala.

Rolt anali nayo. Anaphunzira ntchito ali mnyamata ku fakitale ya Kerr, Stuart mu mzinda wa Stoke-on-Trent, yomwe inkapanga mitu ya sitima. Bungwe lija litagula mitu iwiri yakale ya njanji ya Corris yomwe inali itatsekedwa, umodzi mwa iyo, Edward Thomas, unali wopangidwa ndi fakitale yomweyo mu 1921. Winawo, Sir Haydn, unayamba wavuta: magudumu ake ankagwera pakati pa njanji chifukwa anali opyapyala ndipo njanjizo zinali zotalikirana kuposa muyeso. Zonsezi anazilemba m'buku lake la Railway Adventure la mu 1953, ndipo sanabise kutopa, kukangana ndi kuchedwa kwa sitima. Ine ndimamulemekeza kwambiri pa chifukwa chimenecho. Munthu wolemba mabuku ngati iye akanatha kukhala pa desiki n'kumadandaula kuti zinthu zabwino zikutha. Iye anavala ovolosi.

Lero njanji ya Talyllyn ikuyendabe. Dolgoch, atakonzedwa kangapo, amayakabe moto. Mutu wina womwe unamalizidwa mu 1991 anaupatsa dzina loti Tom Rolt. Ndipo njanji zambiri zosungidwa ndi anthu odzipereka, ku Britain ndi kwina, zinatengera chitsanzo cha kanjanji kameneka.

Ndikamaganiza za iye, maganizo anga amabwerera ku Chichiri. Mutu uja ndi Shamrock. Mnzake, Thistle, anasungidwa ku Limbe. Iwiriyi inapangidwa ndi kampani ya Bagnall ya ku Stafford, ndipo inagwira ntchito pa njanji ya Shire Highlands, yomwe inalumikiza Port Herald, Nsanje ya lero, ndi Blantyre mu 1908. Amene anaisunga kuti isaphwanyidwe anachita bwino ndithu, ndipo ayamikike. Sindikunena kuti mawa tiiyatse moto. Kukonza boyila ya zaka zoposa 100 kumafuna ndalama zomwe zipatala zathu zikuzifunanso. Chimene chimandipweteka ndi china. Amalawi ndi amene ankathira malasha m'mitu imeneyi ndi ina yobwera pambuyo pake, kukwera zitunda kuchokera ku chigwa cha Shire thukuta lili kamukamu. Ndi iwo ankaikonza ku mashopu a ku Limbe. Mayina awo sitiwatchula, ndipo luso lawo likupita nawo kumanda.

Ochepa alipobe, okalamba kwambiri, ku Limbe, ku Balaka, ku Salima, ku Nsanje. Ngati agogo anu kapena amalume anu anagwirapo ntchito pa sitima ya malasha, pitani mukakhale nawo pakhonde sabata ino. Tsegulani chojambulira mawu pa foni yanu, muwafunse mmene ankayatsira moto.