Mwana wobadwira kutsidya ndi wa kuti?

Ana inu, mverani. Makolo, werengani pamodzi ndi ana anu.

Ku Lizulu kuli msewu waukulu. Mbali ina ya msewu ndi Malawi. Mbali ina ndi Angónia, kuno ku Moçambique. Anthu a mbali zonse ziwiri amamvana cinenero. Amagula mbatata ndi kabici pamsika umodzi. Nkhuku imangowoloka msewu osapempha cilolezo!

Malire amenewa anacokera kuti? Mu 1891 Angelezi ndi Apwitikizi anapangana zogawana dziko lino. Sanafunse anthu a m'midzi. Agogo anatsala uku, adzukulu anatsala uko.

Pa nthawi ya nkhondo, anthu oposa miliyoni imodzi anathawira ku Malawi. Mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, ndipo ambiri anabwerera kwawo. Anabwera ndi ana obadwira kumeneko. Ngakhale lero amayi ena amakacirira kucipatala ca kutsidya, cifukwa ndico cili pafupi.

Ena amati mwana wotere si wathu. Ine ndikukana. Lamulo lalikulu la dziko lathu, la mu 2004, limalola mwana wobadwira kunja kukhala nzika ya Moçambique, ngati bambo kapena mayi ake ndi a kuno. Cofunika ndi cakuti makolo akanene kuboma.

Unzika sutayika ngati mpeni m'munda. Kugulitsa nyemba ku Dedza sikuucotsa. Kukwatira ku Ntcheu sikuucotsa. Lamulo limati munthu amausiya yekha, akakhala kuti ndi nzika ya dziko lina, napita kuboma kukanena kuti sakuufunanso. Amene alibe dziko lina sangasiye lathu, cifukwa angakhale wopanda kwawo.

Cimene cimandidetsa nkhawa ndi ici: ana ena sanalembedwe uku, sanalembedwenso uko. Pamudzi aliyense akuwadziwa, koma m'buku la boma mulibe dzina lawo. Akadzakula, adzavutika kupeza bilyete, ndipo popanda bilyete nchito yolembedwa imasowa.

Ndikudziwa kuti ku Registo Civil ndi kutali, ndipo kumunda sikudikira. Komabe pitani, makolo, mukamulembetse mwana akadali kumsana. Sedula yake muisunge pouma, pamene ciswe sicifika.

Iwe mwana, ukafika kunyumba lero ufunse amayi kuti: "Kodi sedula yanga ili pati?"