Ndodo Yolavula Moto Si Ndodo

Ku America malamulo a m'zigawo zambiri amasiyanitsa munthu wonyamula mfuti poyera ndi woibisa m'malaya. Tsono pabuka akathyali ofunsa kuti: nanga mfuti yopangidwa ngati ndodo yoyendera, cholembera kapena foni, poti ili m'manja ndipo aliyense akuiona, si ndiye kuti yanyamulidwa poyera? Ine ndikuti limeneli ndi bodza lamkunkhuniza.

Chimene maso aona ndi ndodo, mfuti sanaione. Phindu lonyamula chida poyera n'lakuti mnzako adziwe, apatuke ngati afuna, wapolisi afunse chiphaso. Chida chikavala nkhope ya chinthu china, zonsezi zafa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Wina anganene kuti kubisa nkhope ndi mwambo wathu womwe. Angaloze ku Chongoni m'boma la Dedza, kumene kuli malo 127 a zojambula za pamiyala amene UNESCO idawazindikira mu 2006, ndipo kuphanga la Namzeze kuli zithunzi zoyera za zilombo za gule wamkulu. Koma chilombo sichinamiza munthu. Ng'oma imalira, fumbi limakwera, ana amathawira kwa amayi awo, wapanjira amapatuka. Chimabisa dzina, kuopsa kwake n'kuika pabwalo. Mfuti ya m'ndodo imaonetsa mwini wake akumwetulira, n'kubisa imfa.

Anthu a ku Dedza komweko sasowa mphunzitsi pa nkhaniyi. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itatha mu 1992, mfuti za AK-47 zidatsala m'manja mwa anthu, ndipo malire athu, amene m'madera ena pakati pa Dedza ndi Ntcheu ndi msewu wa M1 chabe, sakadazitchinga. Mu December 1993, asilikali atagumula a Payoniya pa Operation Bwezani, ena adathawira ku Mozambique ndi zida zawo. Mfuti yotere siyenda paphewa. Taganizani itagona m'thumba la kachewere pakaliyala wa njinga, dzuwa likuswa mtengo. Thumbalo tonse tikuliona. Ndani wamutu wake anganene kuti mfutiyo ili poyera?

Kuphimba pakokha si tchimo. Lamulo la ku South Africa la 2000 limachita kulamula kuti mfuti yonyamulidwa pagulu iphimbidwe. Komatu wapolisi akapisa m'malaya amaizindikira kuti ndi mfuti. Ya m'cholembera amaigwira, kuitembenuza, n'kuibweza kwa mwini wake ndi ulemu. N'chifukwa chake Britain adaletseratu mfuti zoterezi, ndipo ku America komweko boma lidaziika m'gulu lapadera lofuna kaundula kuyambira 1934.

Lamulo lathu la mfuti ndi la 1967, masiku amene mfuti ya kumudzi idali gogodera wosakira nguluwe. Aphungu akadzakhala pansi kuliunikanso asadzataye malovu pa mtsutso wa poyera ndi pobisika. Mfuti yodzitcha ndodo isadzapatsidwe chiphaso, kaya mwini wake ndi bwana wotani.