Mlendo akadwala ku Chembe, alipire mankhwala ndani?

MANGOCHI — Mudzi wa Chembe, womwe uli m'mbali mwa nyanja ku Cape Maclear m'boma la Mangochi, umalandira anthu a maiko akunja chaka chonse. Ena amadzaona Lake Malawi National Park, malo omwe bungwe la UNESCO linawaika mu 1984 m'kaundula wa malo ofunika kwambiri padziko lonse, pomwe ena anakhazikika komweko ndipo amayendetsa malo ogona alendo. Anthuwa nawonso amadwala malungo ndi likodzo, ndipo nkhani yagona pa yemwe ayenera kuwalipirira mankhwala.

M'dziko muno odwala salipira m'zipatala za boma, kupatula m'zigawo zolipiritsa. Ulere umenewu uli ndi mtengo wake. Mankhwala ambiri amagulidwa kunja ndi ndalama zakunja, kotero kuti pomwe mphamvu ya kwacha inachepetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ndalama zomwezo zinayamba kugula mankhwala ochepa. Boma la Mangochi linapezeka ndi anthu oposa 1.1 miliyoni pa kalembera wa 2018, ndipo wodwala aliyense wochokera kunja amagawana mankhwala ndi anthu amenewa.

Komabe, si nzeru kuwaika alendo onse m'thumba limodzi. Gulu loyamba ndi la odzaona malo ndi a zamalonda. Ambiri mwa iwo ali ndi inshuwalansi kapena ndalama zopitira ku zipatala zomwe si zaboma. Ku Chembe kuli chipatala cha Billy Riordan, chomwe Mayi Mags Riordan a ku Ireland anachitsegula mu 2004 pokumbukira mwana wawo amene anamira m'nyanjayi mu 1999. Matenda akakula, odwala amapita ku chipatala cha boma ku Monkey Bay, mtunda wa makilomita pafupifupi 20. Palibe chifukwa choti munthu wotha kulipira alandire mwaulere mankhwala omwe msodzi wa usipa akuwasowa.

Gulu lachiwiri lili kum'mawa kwa bomali, cha ku Namwera ndi Makanjira, komwe anthu a m'chigawo cha Niassa ku Mozambique amaoloka malire kudzafuna chithandizo. Ambiri ndi alimi osauka omwe amayankhula Chiyao ndipo ali pachibale ndi Amalawi. Kuyambira mu 2017, pomwe nthambi ya National Registration Bureau inalemba nzika m'kaundula ndi kupereka ziphaso za unzika, kuzindikira mlendo sikovutanso monga kale. Koma kubweza wodwala kolera kapena chifuwa chachikulu pakhomo la chipatala nkudzipweteka wekha, pakuti matenda opatsirana sayang'ana chiphaso.

Palinso mbali ina yomwe opanga malamulo sayenera kuiiwala. Mangochi ndi limodzi mwa maboma omwe achinyamata ake ambiri amapita ku South Africa kukasaka maganyu, ndipo kumeneko iwo ndiwo alendo. Mu April 2023 bwalo lalikulu la milandu ku Johannesburg linagamula kuti amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana osakwana zaka 6 alandire chithandizo chaulere m'zipatala za boma posatengera dziko lochokera. Ngakhale zinali choncho, mu 2025 gulu la Operation Dudula linkatsekereza alendo pa zipata za zipatala, kufikira bwalolo linaletsa mchitidwewu mu November chaka chomwecho. Dziko lomwe likufuna kuti nzika zake zisamalidwe kunja liyenera kuonetsa chitsanzo kwawo. Akuluakulu anati mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako.

Choncho chofunika ndi ndondomeko yomveka bwino komanso yolembedwa. Odzaona malo ndi omwe ali ndi zilolezo zokhalira kapena zogwirira ntchito m'dziko muno azikhala ndi inshuwalansi kapena azilipira mitengo yoikika, ndipo ndalamazo zizitsala pa chipatala chomwe chawathandiza. Oyandikana nawo a ku Mozambique azilembedwa m'kaundula wapadera, kuti Unduna wa Zaumoyo ukhale ndi chiwerengero chenicheni pokambirana ndi dzikolo za kugawana ndalama zogulira mankhwala. Wodwala mwakayakaya, mayi wofuna kuchira ndi mwana wodzalandira katemera azithandizidwa kaye, za ziphaso pambuyo.

Popanda ndondomeko yotere, chiganizo chimatsalira namwino kapena kalaliki wolemba odwala, ndipo wovutika amakhala mlendo wosauka pamodzi ndi nzika yomwe yauzidwa kuti mankhwala atha, ikagule yokha ku sitolo.