Mphepo ilibe mwini, koma malo ali ndi eni ake

Akuluakulu a ku Nairobi amanyadira Lake Turkana Wind Power: makina 365 opanga magetsi ndi mphepo, mamegawati 310. Mu 2019 Pulezidenti Uhuru Kenyatta adakatsegulira ntchitoyi, anthu n'kuwomba m'manja. Chabwino. Koma malowo adapereka ndani?

Maekala 150,000 a ku Marsabit sanali thengo lopanda mwini ayi. Arendille, Asamburu ndi Aturkana akhala akudyetsako ngamila ndi mbuzi kuyambira kale. Khonsolo inkangosungira anthuwo malowo, ngati mlonda. Nanga mlonda amachititsa lendi nyumba ya bwana wake? Lamulo linkati pakhale kaye bungwe lomva maganizo a eni nthaka. Bungwelo silidakhazikitsidwe. Mudzi wa Sarima udasunthidwa.

Anthu adakasuma mu 2014. Mu 2021 khoti la ku Meru lidagamula kuti zikalata za malowo zidaperekedwa mophwanya lamulo. Zaka 7, abale! Pamenepo n'kuti makina akuzungulira kale, magetsi akuyenda mtunda woposa makilomita 400 kupita ku Suswa.

Alipo amene amati wodandaula za malo ndi mdani wa chitukuko. Nyimbo imeneyo tikuidziwa. Kwathu kuno wofunsa funso ankatchedwa chigawenga. Abusawo sadakane mphepo. Adakana kudzutsidwa ndi malole pa msipu wa makolo awo. Ndipo amene adasaina zikalatazo sanali ana: ankadziwa kuti ukamanga kaye n'kufunsa pambuyo, n'kovuta kuti woweruza alamule kuzula makina 365.