Nkhalamba Simanga Mvula

Mwezi wa Okutobala ukafika, dzuwa limaswa mtengo. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje kutentha kumapitirira madigiri 40, nyenje zili pokopoko, maso a aliyense ali kumwamba. Chizimalupsa chikagwa, chimangoziziritsa phulusa la kutchire n'kupita. Alimi akale ankadziwa kuti imeneyo si mvula yobzalira. Ankasunga mbewu kufikira nthaka itakhuta madzi, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Koma lero kwabuka khalidwe lonyansa. Mvula ikachedwa, achinyamata ena amaloza chala agogo awo, amvekere amanga mvula. Amawaduduluzira kubwalo, kuwamenya, mwinanso kuwagumulira nyumba. Kodi nkhalamba yolephera kusenza ndowa ya madzi ingamange bwanji mitambo? Ng'amba ya mu 2024 inachititsa boma kulengeza za tsoka m'maboma 23 mwa 28. Gwero lake linali El Niño, kufunda kwa madzi a m'nyanja ya Pacific, ndipo inakantha Zambia ndi Zimbabwe yomwe. Ndi gogo uti amene dzanja lake lingafike kumeneko?

Kukauma, makolo ankafulula mowa n'kukapempha mvula ku kachisi wa Mbona ku Khulubvi kapena kwa Makewana ku Msinja, ndipo otsogolera anali akuluakulu omwewo. Nalo lamulo la ufiti la mu 1911 limati kutchula munthu mfiti ndi mlandu.

Mdzukulu wanzeru akonzeretu mizere, amvetsere zanyengo pa wailesi, agogo ake awapatse madzi akumwa pamthunzi. Mvula idzagwa pa nthawi yake. Womenya agogo ake adzakolola manyazi okhaokha.