Malamulo a Chibantu m'Chingerezi cha Tsiku ndi Tsiku

Mboni ikafunsidwa m'bwalo la milandu kuti "Didn't you see him?" ndipo iyo n'kuyankha kuti "Yes", woweruza wozoloŵera Chingerezi cha ku London amamva kuti inamuona munthuyo. Koma mboni ya ku Zomba kapena ku Chipata kaŵirikaŵiri imakhala ikunena kuti siinamuone. M'Chicheŵa, wofunsidwa kuti "Kodi simunamuone?" amati "Inde, sindinamuone", popeza inde amavomereza zimene wofunsayo wanena. Mboniyo yatsata lamulo la chiyankhulo chake, ndipo mlandu ungathe kupotoka pa liwu limodzi lomwelo.

Zitsanzo zotere n'zambiri m'Chingerezi cha m'misika, m'maofesi ndi m'masukulu a chigawo chino. M'chiganizo chakuti "Alimi akudandaula", mneni amanyamula mgwirizanitsi a- ngakhale dzina latchulidwa kale, ndipo "The farmers they are complaining" chimatsata kamangidwe komweko. Gulu la mayina la Mu-A silisiyanitsa mwamuna ndi mkazi, n'chifukwa chake aloŵam'malo he ndi she amasinthanitsidwa. Mneni kubwereka, monganso boleka wa Chizulu, amaimira kupereka ndi kulandira komwe, ndipo "Borrow me your pen" ndi "Ndibwereke cholembera" wovala mawu achilendo.

Chizoloŵezi cha m'masukulu n'kungodula mzere wofiira pansi pa ziganizo zimenezi. Mphunzitsi ali ndi chifukwa chake, pakuti mayeso amafuna Chingerezi cha m'mabuku. Koma wophunzira amene wangouzidwa kuti walakwa amabwereza mawa lake. Woonetsedwa pamene malamulo a ziyankhulo ziŵirizi apatukana ndiye amatha kusankha koyenera malo ndi nthaŵi.

Komabe akatswiri asafulumire kunena kuti zonse n'zochokera ku Chibantu. N'kosavuta kugwirizanitsa "I am knowing" ndi -ku- wa mu ndikudziŵa, koma kayankhulidwe komweko kamamveka ku India, kumene kulibe chiyankhulo cha Chibantu. Chimodzimodzinso "isn't it?" woikidwa kumapeto kwa chiganizo chilichonse. Zina zimadza ndi chiyankhulo chobadwa nacho, zina zimadza ndi kaphunziridwe ka chiyankhulo chachiŵiri paliponse, ndipo kuzilekanitsa kumafuna umboni woŵerengeka.

Njira yopezera umboniwo inalambulidwa kale. Randolph Quirk anayambitsa Survey of English Usage mu 1959 kuti malamulo alembedwe kuchokera pa zimene anthu amayankhuladi, ndipo buku la A Comprehensive Grammar of the English Language la mu 1985 linatsamira pa ntchitoyo. Sidney Greenbaum anaifutukula poyambitsa International Corpus of English, ndipo gawo lake la kum'maŵa kwa Africa, lotsogozedwa ndi Josef Schmied, linasonkhanitsa Chingerezi cha ku Kenya ndi Tanzania.

Katswiri wa Chingerezi angathe kuŵerenga kuti they wobwereza uja wapezeka kangati, koma wodziŵa magulu a mayina ndi agwirizanitsi ndiye angafotokoze kumene wachokera. Chotero ntchito yofufuza Chingerezi cha ku Malaŵi, Zambia ndi Zimbabwe isasiyidwe m'manja mwa madipatimenti a Chingerezi okha. Akatswiri a Chicheŵa, Chibemba, Chishona ndi Chindebele ayenera kuitenga ngati yawo, ndipo zopeza zawo zifike kwa ophunzitsa aphunzitsi ndi kwa omasulira a m'mabwalo a milandu.